Nambala 1 kapena nambala 62: mkangano wa masapota a Montreal Canadiens pa anyamata omwe timu yawo inasankha mu 2022

Mu June 2025, NHL, ligi yaikulu ya hoki ya pa madzi oundana ya ku Canada ndi America, inalengeza kuti Lane Hutson wa timu ya Montreal Canadiens wapambana chikho cha Calder. Chikhochi chimapita kwa wosewera amene wachita bwino koposa anzake m'sizoni yake yoyamba muligiyo. Timu ya Montreal inali isanakhalenso ndi wosewera wotenga chikhochi kuchokera pamene goloboyi Ken Dryden anachitenga mu 1972. Chisangalalo chinalipo ndithu, koma pamasamba a mchezo nkhani inakhota msanga. Anthu anabwereranso ku July 2022, pamene matimu ankasankha anyamata atsopano, n'kuyamba kufunsana kuti: zinatheka bwanji kuti mnyamata ameneyu adumphidwe maulendo 61 asanatchulidwe dzina? Nanga amene Montreal inamusankha poyamba penipeni chaka chimenecho, Juraj Slafkovský, anali woyeneradi? Ena amati akuluakulu a timuyi anaona patali. Ena amati anangochita mphumi.

Kwa munthu amene anakulira pa mpira wamiyendo, mkangano woterewu umasokoneza. Tinazolowera kuti timu imagula wosewera kapena imamulera yokha kuyambira ali mwana. Mawu akuti "anasankhidwa pa nambala 62" samveka msanga. Kuti timve chimene masapota a ku Montreal akulimbirana, tiyambe kaye taona mmene dongosolo losankha osewerali limayendera.

Masewera ake ndi ligi yake

Hoki ya ku NHL si imene imaseweredwa pa kapinga ndi kampira kolimba ija. Iyi imaseweredwa pa madzi oundana, osewera atavala nsapato zokhala ndi chitsulo chonga mpeni kunsi, ndipo m'malo mwa mpira amamenya kachimbale kakuda ka labala kotchedwa puck. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 6 m'bwalo nthawi imodzi: goloboyi, otchinga kumbuyo awiri, ndi akutsogolo atatu. Mwa atatuwo mmodzi amakhala wapakati, awiriwo m'mbali. Liwiro limakhala lalikulu moti wosewera satha mphindi imodzi m'bwalo asanapatse mpata mnzake. Wosewera amawerengeredwa pointi imodzi akamwetsa chigoli, komanso pointi imodzi akapatsira mnzake amene wamwetsa. Manambala a mapointi amene muwaone m'munsimu ndi amenewa.

Ligiyi ili ndi matimu 32, 7 a ku Canada ndipo 25 a ku America. Montreal Canadiens ndiyo inatenga chikho chachikulu cha Stanley kambiri kuposa ina iliyonse, maulendo 24, koma komaliza munali mu 1993. Njala ya zaka zoposa 30 imeneyi ndi imene imachititsa kuti chilichonse chimene timuyi yachita chikambidwe mpaka pakati pa usiku, m'Chifalansa ndi m'Chingerezi momwe.

Draft n'chiyani?

Chaka chilichonse, sizoni ikatha, matimu onse 32 amagawana anyamata omwe afika msinkhu wolowa muligi. Mwambo umenewu ndi umene umatchedwa draft. Mnyamata amayenera kukhala atakwanitsa zaka 18 pofika pa 15 September chaka chimenecho. Kusankhaku kumayenda m'magawo 7, ndipo m'gawo lililonse timu iliyonse imakhala ndi mpata umodzi wotchula dzina. Onse pamodzi amapitirira 220. Woyamba kutchulidwa ndi nambala 1, ndipo nambala zimangopitirira osayambiranso, kotero nambala 62 ndi wa chakumapeto kwa gawo lachiwiri.

Timu ikatchula dzina la mnyamata siye kuti yamulemba ntchito. Chimene yapeza ndi ufulu woti ndi yokhayo muligi imene ingakambirane naye za kontirakiti kwa zaka zingapo. Ambiri amabwerera kaye kumene anali: ena ku maligi a achinyamata a ku Canada, ena ku mayunivesite a ku America, ena ku matimu a ku Sweden, Finland, Russia ndi mayiko ena a ku Ulaya. Ena amatumizidwa ku ligi yaing'ono ya AHL, komwe timu iliyonse ya NHL ili ndi timu yake yokonzekeretsera osewera. Ya Montreal ndi Laval Rocket. Mnyamata alibe mawu pa timu imene yamusankha. Akakana, amadikira mpaka ufulu wa timuyo utatha.

Chodabwitsa kwambiri ndi ndondomeko ya amene ayambe kusankha. Mu Super League yathu timu yothera pansi imatuluka muligi, ndipo mnyamata waluso akangoonekera, matimu a ndalama monga Bullets, Wanderers ndi Silver ndi amene amamulimbirana. Ku NHL kulibe kutuluka muligi, ndipo timu yothera pansi ndi imene imapatsidwa mwayi waukulu wosankha poyamba, pomwe yotenga chikho imasankha pomaliza. Cholinga chake n'chakuti yofooka ipeze mwazi watsopano kuti ligi isakhale ya matimu awiri atatu okha.

Mipata yosankhayi imasinthanitsidwanso ngati katundu. Timu imene ikuona kuti chikho chili pafupi imapereka mpata wake wa chaka chamawa kuti ipeze wosewera wokhwima lero. Imene ikumanga mwatsopano imachita zosiyana: imagulitsa akuluakulu n'kutolera mipata. Zimenezi zikhala zofunika tikafika pa Hutson.

Maere, ndi chifukwa chake alipo

Dongosolo lopatsa mphoto wothera pansi lili ndi vuto loonekeratu. Likhoza kunyengerera timu kuti izigonja dala. Anthu ambiri amatchulabe timu ya Pittsburgh ya sizoni ya 1983-84, imene inathera pansi n'kutenga Mario Lemieux, ndipo mu 1993 Ottawa inaganiziridwanso zomwezo. Kuyambira mu 1995 ligi inabweretsa maere. Masiku ano matimu 16 omwe alephera kulowa m'mipikisano yolimbirana chikho amalowa m'maerewo, ndipo nambala 1 ndi nambala 2 zimatuluka mwa maere. Yothera pansi penipeni imakhala ndi mwayi wa 18.5 pa 100 alionse wopambana ulendo woyamba. Popeza timu siloledwa kukwera malo oposa 10, mwayi wake weniweni wokhala ndi nambala 1 umafika pafupifupi 25 pa 100. Buffalo inaphunzira zimenezi mowawa mu 2015: inathera pansi, koma maere anagwera Edmonton, imene inatenga Connor McDavid.

Montreal inafika pamenepa mwa njira yachilendo. Mu July 2021 inali m'ndime yomaliza ya chikho cha Stanley, komwe inagonja kwa Tampa Bay. Sizoni yotsatira inathera pansi pa matimu onse 32. M'kati mwa sizoniyo akuluakulu anasinthidwa. Marc Bergevin anachotsedwa, Jeff Gorton anabwera kudzayang'anira nkhani zonse za masewera, Kent Hughes, yemwe kale anali woyimira osewera pa nkhani za makontirakiti, anakhala manijala wamkulu, ndipo Martin St. Louis anakhala mphunzitsi. Kenako maere anawakomera. Mwangozi chabe, draft ya chaka chimenecho inali itakonzedwa kuti ichitikire mu Montreal momwemo, m'bwalo lawo la Bell Centre, pa 7 ndi 8 July 2022. Anayenera kusankha pamaso pa anthu awo.

Amene amaona anyamatawa asanasankhidwe

Timu iliyonse ili ndi masikauti, anthu amene ntchito yawo ndi kuyendayenda chaka chonse kuonera masewera a achinyamata n'kumalemba malipoti. Ligi nayonso ili ndi ofesi yake imene imatulutsa mndandanda wa anyamata, ndipo masabata angapo draft isanachitike odziwika kwambiri amaitanidwa ku Buffalo kuti akayezedwe msinkhu, sikelo, mphamvu ndi kupirira, komanso kuti akacheze ndi akuluakulu a matimu.

Vuto la masikauti n'lakuti sakusankha amene ali bwino lero. Akufuna kudziwa amene adzakhale bwino akadzafika zaka 24 kapena 25, pomwe akumuona ali ndi zaka 17. Komanso anyamatawa sasewera muligi imodzi. Wina akugoletsa zigoli zambirimbiri pakati pa achinyamata anzake ku Ontario, wina akugoletsa zochepa koma akulimbana ndi amuna a ndevu zawo ku Finland. Kuyerekeza awiriwa n'kumene kumabala mikangano, ndipo ndi zimene zinachitika mu 2022.

Slafkovský kapena Wright

Kwa zaka pafupifupi zitatu dzina limene linkatchulidwa kuti lidzakhala nambala 1 linali la Shane Wright, wosewera wapakati wochokera ku Ontario. Anapatsidwa chilolezo chapadera cholowa muligi ya achinyamata ya OHL ali ndi zaka 15, chinthu chimene chimaperekedwa kwa ana ochepa kwambiri. Mliri wa Covid-19 unamudyera sizoni yonse ya 2020-21 chifukwa ligiyo sinasewere. Atabwerera anapeza mapointi 94 m'masewera 63 ku Kingston. Ndi manambala abwino, koma ena ankayembekezera zoposa pamenepo. Masapota ambiri a Montreal ankamufuna iyeyu, makamaka chifukwa timuyi yakhala ikusowa wapakati wamphamvu kwa zaka zambiri. Ena anafika m'bwalo tsikulo atavala kale majezi olembedwa dzina lake.

Slafkovský anali wosiyana naye pa chilichonse. Ndi wa ku Košice m'dziko la Slovakia, amasewera kutsogolo cham'mbali, wamtali pafupifupi mamita 1.9 ndipo thupi lake linali kale la munthu wamkulu. Ku timu yake ya TPS ya mumzinda wa Turku ku Finland anangopeza zigoli 5 ndi mapointi 10 m'masewera 31. Koma mu February 2022, ali ndi zaka 17, anamwetsa zigoli 7 m'masewera 7 pa Olimpiki ya ku Beijing, anasankhidwa kukhala wosewera wapamwamba pa mpikisano wonsewo, ndipo Slovakia inatenga mendulo yake yoyamba ya Olimpiki pa masewerawa, ya nambala 3. Omukonda ankaloza zimenezi. Okayikira ankakumbutsa kuti osewera a NHL sanapite ku Olimpiki imeneyo, ndipo masewera 7 sangafafanize masewera 31.

Hughes atatchula dzina la Slafkovský, m'bwalomo munamveka phokoso losakanikira, ena kuwomba m'manja, ena kukuwiza. New Jersey inatenga Šimon Nemec, wa ku Slovakia yemweyo, pa nambala 2. Aka kanali koyamba kuti anyamata awiri a dzikolo atsogole draft. Arizona inatenga Logan Cooley pa nambala 3, ndipo Wright anatsika mpaka nambala 4, ku Seattle.

Kuti mumvetse mantha a masapota achikulire usiku umenewo, muyenera kudziwa za 1980, pamene Montreal inakhala ndi nambala 1 komaliza. Inasankha Doug Wickenheiser n'kusiya Denis Savard, mwana wa komweko amene anthu ankamuona akusewera mumzinda wawo. Chicago inamutenga Savard pa nambala 3 ndipo anadzakhala mmodzi mwa akatswiri a m'badwo wake, pomwe Wickenheiser anatumizidwa ku St. Louis mu 1983 asanakhazikike. Achinyamata nawo anali ndi bala lawo la posachedwa: mu 2018 timuyi inasankha Jesperi Kotkaniemi pa nambala 3 chifukwa chofuna wapakati, n'kusiya Brady Tkachuk amene anapita ku Ottawa n'kudzakhala kaputeni. Kotkaniemi anachoka mu 2021. Mwina mwaona kale kuti mabala awiriwa amaphunzitsa zinthu zotsutsana. Loyamba limati musasiye amene aliyense akumuona kuti ndi woyenera. Lachiwiri limati musasankhe munthu chifukwa chongofuna kutseka malo amene pali mpata. Sapota aliyense anatenga phunziro logwirizana ndi mbali imene anali kale.

Zotsatira zake zakhala zikusinthasintha. Sizoni yoyamba Slafkovský anapeza zigoli 4 ndi mapointi 10 m'masewera 39, kenako anavulala bondo mu January 2023. Ambiri ananena kuti timu inafulumira naye, akanayamba wapita ku Laval. Theka loyamba la sizoni yachiwiri silinasinthe maganizo a anthu. Koma St. Louis atamuika pamzere umodzi (gulu la akutsogolo atatu olowa m'bwalo limodzi) ndi Nick Suzuki ndi Cole Caufield, zinthu zinayamba kuyenda, ndipo anamaliza ndi zigoli 20 ndi mapointi 50. Pa 1 July 2024 anasaina kontirakiti ya zaka 8 ya madola 60.8 miliyoni. Sizoni ya 2024-25 anapeza zigoli 18 ndi mapointi 51.

Seattle inamuyendetsa Wright pang'onopang'ono. Sizoni ziwiri zoyambirira anasewera masewera 8 okha a NHL pa sizoni iliyonse, nthawi yambiri anali ku matimu ang'onoang'ono. Mu 2024-25, sizoni yake yoyamba yathunthu, anapeza zigoli 19 ndi mapointi 44. Ndiye pali Cooley, amene pausikuwo sankakambidwa kwambiri ku Montreal: iye anapeza zigoli 25 ndi mapointi 65 sizoni yomweyo, timu yake itasamuka kuchoka ku Arizona kupita ku Utah. Kotero funso limene linayamba ngati la anthu awiri lili ndi anthu atatu tsopano, ndipo ena amati linali lolakwika kuyambira pachiyambi.

Mnyamata wa nambala 62

Hutson ndi wa ku America ndipo amasewera kumbuyo. Palibe sikauti amene ankakayikira luso lake pa puck kapena nzeru zake m'bwalo. Vuto linali thupi. Anali wamtali pafupifupi mamita 1.73 ndipo sikelo yake inali cha m'ma kilogalamu 70. Wotchinga kumbuyo ku NHL amayenera kukankhana pakhoma ndi amuna olemera makilogalamu 95 kapena 100, ndipo matimu akhala akuopa kutaya mpata wa gawo loyamba pa wotchinga wamfupi. Hutson anafika ku Buffalo ndi kalata ya dokotala yosonyeza kuti mafupa ake anali asanamalize kukula. Matimu anaiwerenga, komabe anamudumpha.

Apa m'pamene pali mfundo imene ochemerera akuluakulu a Montreal sakonda kuimva. Montreal nayonso inamudumpha katatu. Inatenga Slafkovský pa nambala 1, Filip Mešár pa nambala 26, ndi Owen Beck pa nambala 33, kenako n'kumutchula Hutson. Akanakhala kuti ankadziwa chimene adzakhale, sakanadikira mpaka 62 n'kumapemphera kuti wina asamutenge. Mbali inayo imayankha kuti matimu ena ambiri anali ndi mwayi womwewo koma sanayerekeze, ndipo kudziwa nthawi yoyenera kutenga munthu ndi mbali ya luso la kusankha. Imakumbutsanso kuti timuyi inali ndi chifukwa chosaopera amfupi. Caufield, amene inamutenga pa nambala 15 mu 2019, ndi wamfupi, ndipo mphunzitsi St. Louis mwiniwake sanasankhidwe ndi timu iliyonse pa draft chifukwa cha msinkhu, koma anadzatenga chikho cha Stanley ndi Tampa Bay mu 2004 n'kusankhidwa kukhala wosewera wapamwamba muligi chaka chomwecho.

Hutson anasewera zaka ziwiri ku Boston University asanabwere. M'sizoni ya 2024-25 anapeza mapointi 66, ndipo 60 mwa amenewa anali opatsira ena. Nambala ya 60 imeneyi inafanana ndi mbiri imene Larry Murphy anaika mu 1980-81 ya wotchinga kumbuyo wa sizoni yoyamba. Anapambana Calder pamwamba pa Macklin Celebrini, yemwe anali nambala 1 pa draft ya 2024. Sizoni yomweyo Montreal inabwereranso m'mipikisano yolimbirana chikho, ngakhale inatulutsidwa ndi Washington m'ndime yoyamba.

Mpata wa nambala 62 sunali wa Montreal poyamba. Unachokera ku Edmonton, posinthana ndi wotchinga kumbuyo Brett Kulak mu March 2022. Wa nambala 26 unachokera ku Calgary posinthana ndi Tyler Toffoli, womwetsa zigoli wodalirika. Mešár, wa ku Slovakia wachitatu kutchulidwa m'gawo loyamba, anapita ku timu ya achinyamata ya Kitchener kenako ku Laval, ndipo pofika kumapeto kwa sizoni ya 2024-25 anali asanasewere mu NHL. Wosewera wotchuka anabweretsa mpata umene sunabalebe zipatso, ndipo wosewera wamba anabweretsa wopambana Calder.

Kusinthana kwa usiku womwewo

Sapota wowerengera bwino saiwala kuti usiku umene inasankha Slafkovský, Montreal inachitanso malonda ena. Inapereka Alexander Romanov, wotchinga kumbuyo wachinyamata amene anthu ankamukonda, ku New York Islanders n'kulandira mpata wa nambala 13. Sinaugwiritse ntchito. Inaupereka nthawi yomweyo ku Chicago, pamodzi ndi wa nambala 66, n'kulandira Kirby Dach, wapakati wamtali wa zaka 21 amene Chicago inamusankha pa nambala 3 mu 2019. Maganizo ake anali omveka: fodya wako ndi amene ali pamphuno. Dach anali atasewera kale mu NHL, ndipo akanatseka malo apakati amene anthu ankati Wright ndiye akanatseka.

Sizoni yoyamba zinaoneka ngati zatheka, chifukwa anapeza mapointi 38 m'masewera 58. Sizoni yotsatira anavulala bondo m'masewera achiwiri okha ndipo sanasewerenso mpaka sizoni inatha. Mu 2025 bondo lomwelo linafunanso opaleshoni. Chicago inagwiritsa ntchito nambala 13 ija kutenga Frank Nazar, amene tsopano akusewera m'timu yawo yaikulu, ndipo Romanov anakhazikika ku Islanders. Kodi malonda amenewa anali olakwika? Palibe manijala amene angadziwiretu za bondo la munthu. Komabe pa mndandanda wa zimene timu inapindula ndi kutaya, kuvulalako kumalembedwa basi.

Masapota amaweruza bwanji?

Kuweruza koyamba kumachitika usiku womwewo. Atolankhani ndi masapota amapereka magiredi ngati a kusukulu, A mpaka F. Kunena zoona, giredi imeneyi imangoyeza kuti timu yatsatira motani mndandanda umene woweruzayo anali nawo kale. Ochepa mwa opereka magirediwa anaonerapo masewera athunthu a mnyamata wa ku Finland kapena wa ku yunivesite ya ku America. Ambiri amadalira timavidiyo ta zigoli ndi zolemba za ena.

Kuweruza kwachiwiri kumabwera patapita zaka, pamene anthu amasanjanso mndandanda wonse potengera zimene zachitika. M'masanjidwe atsopano a draft ya 2022, Hutson amapezeka pamwamba kapena pafupi ndi pamwamba. Masewera amenewa ndi okoma, koma ali ndi chinyengo chake. Amatenga dzina limodzi labwino mwa anyamata 200 omwe anatsala n'kumufunsa manijala kuti bwanji sanalitenge, osatchula mayina ena onse amene sanapite patali.

Kuti munthu aweruze mwachilungamo ayenera kusiyanitsa zinthu zingapo zimene zimasakanikirana. China ndi chiganizo chenichenicho, potengera zimene zinkadziwika tsikulo. China ndi kaleredwe ka mnyamatayo atasankhidwa: anamupatsa nthawi yochuluka bwanji m'bwalo, anasewera ndi ndani, anamufulumizitsa kapena anamuchedwetsa. Mapointi a Slafkovský sangalekanitsidwe ndi Suzuki ndi Caufield, ndipo palibe angadziwe zimene Wright akanachita pamalo amenewo. Chotsala ndi mwayi, monga wa bondo la Dach.

Pamafunikanso kudziwa chimene nambala iliyonse imabala nthawi zambiri. Nambala 1 pafupifupi nthawi zonse amasewera muligi, koma si onse amakhala akatswiri. Alexandre Daigle wa 1993 ndi Nail Yakupov wa 2012 amatchulidwa nthawi zonse pa nkhani imeneyi. Kuyambira gawo lachiwiri kupita m'munsi, ambiri sakhazikika mu NHL n'komwe. N'chifukwa chake mayina a omwe anatulukira kumeneko amakumbukika: Patrick Roy pa nambala 51 mu 1984, Nicklas Lidström pa 53 mu 1989, Pavel Datsyuk pa 171 mu 1998, Henrik Lundqvist pa 205 mu 2000. Montreal inasankha anyamata 11 mu 2022. Draft imene yapereka osewera awiri okhazikika m'mizere yapamwamba imaonedwa kuti yayenda bwino, ngakhale ena 9 aja atapanda kuonekanso. Beck, amene anasankhidwa kukhala wosewera wapamwamba pa chikho cha Memorial cha achinyamata mu 2024 ali ku Saginaw, wayamba kale kulawa masewera a NHL.

Chifukwa chake nkhaniyi ndi ya ndalamanso

Kuyambira mu 2005, NHL ili ndi malire a ndalama zimene timu ingalipire osewera ake onse pamodzi pa chaka. M'sizoni ya 2022-23 malirewo anali madola 82.5 miliyoni, ndipo mu 2024-25 anali 88 miliyoni. Ngakhale mwini timu akhale wolemera chotani, sangapyole pamenepo. Mnyamata wosankhidwa mu 2022 ankayamba ndi kontirakiti ya zaka zitatu imene malipiro ake oyambira sankaposa madola 1 miliyoni pa chaka, kuphatikiza mabonasi akachita bwino. Choncho pamene Hutson ankapeza mapointi 66, Montreal inkamulipira kachigawo kochepa chabe ka ndalama zimene matimu ena amalipira wotchinga kumbuyo wa mapointi otero. Ndalama zotsalazo zimakagula wosewera wina. Timu imene ikulephera kusankha bwino imakakamizika kugula okhwima pamtengo wokwera, ndipo malire aja amaitsamwitsa msanga.

Zimenezi n'zimene zimachititsa kuti masapota azitenga draft ngati nkhani ya moyo ndi imfa, nthawi zina mpaka kupyola malire. Mu 2023 Montreal inatenga David Reinbacher, wotchinga kumbuyo wa ku Austria, pa nambala 5, n'kusiya Matvei Michkov wa ku Russia amene Philadelphia inamutenga pa nambala 7. Mnyamata wa zaka 18 analandira mauthenga achipongwe pa intaneti chifukwa cha chiganizo chimene sanapange iye. Chaka chotsatira timuyi inatenga Ivan Demidov, wa ku Russia, pa nambala 5 yomweyo, ndipo ambiri mwa omwe ankatukwana aja anayamba kunena kuti mwina akuluakuluwo anali ndi dongosolo la zaka ziwiri. Reinbacher anavulala bondo m'masewera okonzekera sizoni mu September 2024 n'kukhala miyezi ingapo osasewera, pomwe Michkov anatsogola pa zigoli pakati pa osewera onse a sizoni yoyamba mu 2024-25, sizoni yomweyo imene Hutson anatenga Calder.